Mfuti ya bolt action kwa mlenje wa bajeti yochepa: ndalama zija zimagula chani kwenikweni?

Pa famu ya nyama zakutchire yomwe ndimagwirapo ntchito kuno ku Limpopo pali lamulo limodzi losasintha, mlendo aliyense asanalowe mtchire amayamba waombera kaye pepala pa mamita 100 ife tili chilili kumbuyo kwake. Nde mapepala ndaona ambiri. Ndaonapo mfuti yoti mtengo wake mutha kugula kagalimoto, ndaonaponso mfuti yotchipa ya Howa yakuda ya pulasitiki yokalikakalika mmbali, koma kupita kukaona mabowo papepala paja osadziwa kuti awa aboola ndi iti. Chimenechi ndi chomwe chimasokoneza anthu ambiri, amafunsa kuti ngati zonse zikulasa pamodzimodzi nanga ndalama zinazo munthu akulipira chani? Ndipo ukalowa mu shopu wogulitsa akuyamba zakuti MOA, free floating, controlled feed, 6.5 Creedmoor, mutu kuzungulira. Tiyeni tizimasule chimodzichimodzi.

Bolt action ndi chani

Ganizirani kachitsulo kotsekera geti kaja, kamene mumakweza chogwirira, kukoka, kukankha kenako kutsitsa kuti kakole. Bolt ya mfuti imayenda chimodzimodzi. Mukakweza chogwirira nkukokera kumbuyo, chigoba cha chipolopolo chomwe mwaombera kale chimatayidwa kunja. Mukakankhira kutsogolo imatola chipolopolo china mu magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, nkuchilowetsa mu mpope, mukatsitsa chogwirira mano a kutsogolo kwa bolt amakola mu chitsulo cha mfuti ndipo zonse zatsekeka. Kuombera kulikonse dzanja lanu liyenera kuchita zimenezi, mfuti siyidzichitira yokha. Anthu amaikonda pa usodzi wa mtchire, ndikutanthauza kusaka, chifukwa zitsulo zoyenda ndi zochepa, nde zowonongeka ndi zochepanso, komanso imatseka molimba moti imalasa molunjika.

Nzeruyi inayambira ku Germany. Asilikali a Prussia anavomereza mfuti ya Dreyse mu 1841, koma yomwe inakhala ngati kholo la mfuti zambiri za alenje lero ndi Mauser ya mu 1898, yomwe Paul Mauser anapanga ku Oberndorf. Mabunu pa nkhondo yawo ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902 anali ndi ma Mauser a 7x57, ndipo mpaka pano kuno ku Joni dzina la Mauser amalitchula mwaulemu. Angerezi iwo anali ndi Lee-Enfield ya .303, ndipo apa pali ife, chifukwa agogo athu amene analowa King's African Rifles, omwe chipilala chawo chili ku Zomba chija, anasenza mfuti imeneyi mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Nde ngati munamvapo nkhalamba ikunena za "fili noti fili", inali bolt action imeneyo.

Pali kamkangano kakalekale pa momwe bolt imagwirira chipolopolo. Mtundu wa Mauser uli ndi chikhadabo chachikulu chomwe chimachigwira chikangotuluka mu magazini osachisiya mpaka chitatayidwa, ndi chomwe amati controlled feed. Mtundu winawo, push feed, umangochikankha kuchokera kumbuyo ngati momwe mumakankhira wilibala, chikhadabo chimadzagwira bolt ikatsekeka. Remington 700 ya mu 1962 ndi push feed ndipo yagulidwa mamiliyoni. Winchester itasintha Model 70 yake mu 1964 kuchoka ku mtundu woyamba kupita ku wachiwiri pofuna kuchepetsa ndalama zopangira, alenje a ku America anadandaula zaka ndi zaka. Osaka njati amakonda chikhadabo chachikulu poti nyamayo ikakutembenukira sipafunika chipolopolo kugwa kapena kukakamira. Mfuti zotchipa pafupifupi zonse ndi push feed, ndipo pa nswala kapena njiri ine sindinaonepo nyama itapulumuka chifukwa cha zimenezo.

Zinatheka bwanji kuti zitchipe

Kale mfuti yabwino imafuna mmisiri woti akhale pansi ndi tupa kupala chitsulo ndi mtengo mpaka zigwirizane. Lero zitsulo zimadulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, chidutswa chilichonse chimatuluka chofanana ndi chinzake. Cha mma 2010 makampani a ku America anayamba kulimbirana mlenje wa thumba lochepa, Savage inatulutsa Axis, Ruger inatulutsa American mu 2012, Remington inabwera ndi 783 mu 2013, Mossberg ndi Patriot mu 2015, zonsezi za madola mazana angapo kwawoko. Pamwamba pang'ono pa zimenezi pali Howa 1500 ya ku Japan, yomwe fakitale yake imapanganso Weatherby Vanguard, kenako Tikka T3x yopangidwa ndi Sako ku Riihimäki, Finland. Mitengo yake sindilemba pano chifukwa ikafika kuno imakhala itasenza msonkho, mayendedwe ndi kugwa kwa randi, ndipo imasintha chaka ndi chaka.

Chofunika kudziwa ndi pomwe anadula ndalama. Mpope nthawi zambiri sanaunyengeze, ndi wabwino ndithu. Anadula pa thupi lomwe mumagwira ndi kutsamiza paphewa, mmalo mwa mtengo wa walnut anaika pulasitiki. Magazini ndi ya pulasitiki. Chitsulo sanachipukute kuti chiwale, nde chimagwira dzimbiri msanga mukachisiya ndi thukuta la mmanja. Ena monga Tikka ndi Savage Axis amapanga chitsulo cha utali umodzi cha zipolopolo zazitali ndi zazifupi zomwe, kuti fakitale isavutike. Zili ngati njinga ya kabaza ndi njinga ya mpikisano, ya kabaza sikongola koma katundu imafikitsa. Funso ndi lakuti pa zomwe anachotsazo ndi ziti zomwe inuyo mungazisowe.

Pulasitiki ina ndi yofewa kwambiri moti mukatsamiza mfuti pa ndodo zoomberapo, kutsogolo kwake kumapindika nkukhudza mpope, ndipo chipolopolo chimasochera. Mpope ukamaombera umanjenjemera ngati nsambo ya gitala, nde umafunika uzinjenjemera mofanana nthawi zonse popanda choukhudza. Free floating ndi zimenezo basi. Mu shopu momwemo tengani ndalama yapepala, muikulunge pansi pa mpope nkuyendetsa kuchokera kutsogolo kubwera kumbuyo, ikadutsa osakodwa ndiye kuti mpope uli paokha. Kenako finyani thupi lija ndi mpope pamodzi ndi zala ziwiri muone ngati zikukhudzana mosavuta.

Trigger nayonso, kaja mumakoka ndi chala. Mfuti zotchipa zakale zinali ndi trigger yolimba ngati ukukhethemula msampha wa dzimbiri, pokoka mfuti yonse imasuntha. Savage itabweretsa AccuTrigger kumayambiriro kwa zaka za mma 2000, yokhala ndi kalilime kachitetezo pakati, makampani ena anatsatira, ndipo lero ngakhale mfuti ya pansi imabwera ndi trigger yoti munthu nkugwiritsa ntchito. Pemphani chilolezo kwa wogulitsa, mutsimikize nokha ndi maso kuti mulibe chipolopolo, muloze kopanda munthu ndipo muyese. Yabwino imaduka kamodzi ngati kamtengo kouma, siyikwekwereza.

Za MOA

Awa ndi muyeso chabe wa momwe mabowo akuyandikirana. MOA imodzi ndi pafupifupi inchi imodzi pa mayadi 100, kapena tinene masentimita atatu osakwana pang'ono pa mamita 100. Makampani ngati Tikka, Howa ndi Weatherby amalonjeza kuti zipolopolo zitatu zilowa mkati mwa MOA imodzi mukagwiritsa ntchito zipolopolo zabwino. Koma malo a mtima ndi mapapo a nswala ndi aakulu ngati mbale ya ndiwo, ndipo kutchire kwa minga ngati kuno kawirikawiri timaombera pa mamita osapitirira 150. Mfuti ya MOA imodzi ndi theka ikukwanira bwinobwino pamenepo. Amene amasaka ku Karoo kapena ku Free State komwe kulibe pobisala ndipo nyama imakuonera patali, iwo nkhani ya MOA imawakhudza kwambiri.

Calibre, pomwe anthu ambiri amalakwitsa

Calibre ndi kukula kwa chipolopolo pamodzi ndi chigoba chomwe chimasunga wonga. Manambala ake alibe dongosolo limodzi nchifukwa chake amasokoneza. Mu .30-06, 30 ndi kukula kwa bowo la mpope mu magawo a inchi ndipo 06 ndi chaka, 1906, pomwe asilikali a America anayamba kuchigwiritsa ntchito. Mu 7x57 manambala onse ndi mamilimita, 7 kukula kwake, 57 kutalika kwa chigoba. .308 Winchester ya mu 1952 imaponya chipolopolo chofanana kunenepa ndi cha .30-06 koma chigoba ndi chachifupi, mphamvu yocheperako pang'ono. Pali .270 Winchester ya mu 1925, .243 ya mu 1955 yomwe ndi chigoba cha .308 chochepetsedwa kukamwa, ndi mwana wa dzulodzulo 6.5 Creedmoor yomwe Hornady inatulutsa mu 2007 poyamba ya mipikisano yoombera patali. Pamwamba pali .375 H&H ya ku London ya mu 1912, yomwe mmayiko ambiri a mu Africa ndi poyambira pa nyama zoopsa ngati njati.

Zili ngati kusankha pakati pa khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, chilichonse chili ndi ntchito yake. .243 ndi ya gwape, nswala ndi mbawala, ndipo siyimenya phewa. .308, .30-06, .270 ndi 7x57 zimagwira kuyambira nswala mpaka ngoma ndi nyumbu. Chinthu chimene wogulitsa sanena kawirikawiri ndi chakuti mfuti zotchipa za pulasitiki ndi zopepuka, makilo atatu kapena kuposera pang'ono popanda scope, galasi loonera patali, ndipo mfuti ikapepuka imabwezera kumbuyo mwamphamvu kuposa yolemera ya calibre yomweyo.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona chaka china nyengo yozizira. Kunabwera bambo wina wofatsa bwino, anali atasunga ndalama nthawi yayitali nkugula .300 magnum yopepuka, poganiza kuti yaikulu ndiye siyiphonya. Pa pepala paja ndinaima pambali pake ndikuyang'ana nkhope osati pepala, ndipo ndinaona diso likutsinzina ndi phewa likudumpha chala chisanamalize kukoka. Thupi linali litaphunzira kale kuopa. Tinawauza, anati zikhala bwino mtchire. Madzulo analasa ngoma yamphongo mmimba mmalo mwa paphewa. Tinatsata magazi ndi galu mpaka mdima, timadontho tating'ono pa masamba, pena pomwe inagona udzu utanyowa ndi zobiriwira za mmatumbo, ndipo tinakaipeza mawa lake dzuwa lili pamutu ikadapuma. Usiku wonse nyama ija inali mu ululu. Nyama yake yambiri inawonongeka, ndipo pa famu lamulo ndi loti ukangotulutsa magazi walipira mtengo wonse kaya yapezeka kaya ayi. Bambo aja analira, ndipo ine mpaka lero ndikaona munthu watsopano akufunsa za magnum mtima umandiwawa. Vuto silinali la mfuti ija, mmanja mwa munthu woizolowera ndi mfuti yabwino kwambiri. Koma zipolopolo zake ndi zodula, nde iwo anali ataombera zochepa chabe poyeserera.

Apa ndiye pali nkhani ya bajeti yeniyeni. Mfuti mumagula kamodzi, zipolopolo mumagula moyo wonse. Musanasankhe calibre lowani mu shopu ya mtauni yaing'ono kufupi ndi komwe muzikasaka muone mabokosi omwe ali pa shelefu. .308 ndi .30-06 mudzazipeza pafupifupi paliponse pomwe amagulitsa zipolopolo, zina zachilendo mutha kudikira miyezi.

Scope

Galasi loonera lija. Mukaona palembedwa 3-9x40 ndiye kuti limakulitsa chinthu katatu mpaka kasanu ndi kanayi, ndipo galasi la kutsogolo ndi mamilimita 40. Imeneyi ndi yokwanira pa kusaka wamba. Alenje akale amati scope izidya ndalama zofanana ndi mfuti, ena lero amati magalasi apakati afika pabwino moti theka likukwana. Pomwe onse amagwirizana ndi pakuti scope ya pansi penipeni, yomwe nthawi zina amaiphatikiza ndi mfuti ngati basela, ndi yomwe imayamba kukhumudwitsa, imachita nkhungu mkati mmawa kukazizira, kapena mtanda wake umasuntha galimoto ikagwedera mu msewu wafumbi. Ndipo nyama zimatuluka mbandakucha ndi chisisira, nthawi yomwe galasi lotchipa limangoonetsa mdima. Tizitsulo tomangira scope pa mfuti natonso musatinyoze, theka la mfuti zomwe eni ake amati zawonongeka timapeza kuti ndi sikuluwu yomasuka basi.

Nde powerengera musawerenge mfuti yokha. Ikanipo scope, zomangira, lamba, chikwama, zotsukira, bokosi lachitsulo lokhoma losungiramo, maphunziro, laisensi ndi zipolopolo zoyeserera. Ambiri amapeza kuti mfutiyo payokha ndi theka chabe la ndalama zonse.

Yatsopano kapena yogwirapo kale ntchito

Kuno ku Joni mashopu adzaza ndi mfuti zakale zabwino, ma Brno a ku Czechoslovakia, ma Musgrave opangidwa konkuno, ma Mauser ankhondo osinthidwa kukhala a alenje, ndi ma .303 osawerengeka. Zambiri ndi chitsulo ndi mtengo weniweni pa mtengo wa pulasitiki yatsopano. Zili ngati galimoto zochokera ku Japan zija, ina mumapeza ngale, ina mumagula mavuto a mwini wake. Chotsani bolt, muloze mpope ku kuwala musuzumire kuchokera kumbuyo, mizere yozungulira mkatimo ioneke yakuthwa ndi yowala, osati yakuda yokumbikakumbika. Ma .303 ambiri anadyedwa mkati ndi zipolopolo zankhondo zakale zomwe zimasiya mchere woyambitsa dzimbiri. Onani kukamwa kwa mpope ngati sikunaphwanyike, onani mng'alu pa mtengo kuseri kwa bolt, nambala ya pa chitsulo igwirizane ndi ya pa mapepala, ndipo mmisiri wa mfuti wovomerezeka aiyeze musanalipire. Yatsopano ubwino wake ndi galanti komanso inabooledwa kale pomangira scope, zomwe pa mfuti yankhondo yakale mudzalipira padera.

Lamulo

Izi zikanayenera kukhala koyambirira chifukwa popanda pepala zonse tanenazi ndi nkhambakamwa. Ku South Africa lamulo ndi Firearms Control Act ya mu 2000, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2004. Mumayamba ndi maphunziro, kenako satifiketi ya kupolisi yosonyeza kuti ndinu woyenera, kenako laisensi ya mfuti imeneyo payokha, ndipo mfuti imakhala ku shopu mpaka laisensi ituluke, zomwe zimatenga miyezi. Abale anga a kumudzi amene muli kuno mvetsetsani apa, satifiketi imeneyi amapereka kwa nzika kapena munthu wa chilolezo chokhala mdziko muno mpaka kalekale, ndipo kawirikawiri wa zaka 21 kupita mtsogolo. Pemiti ya ntchito siyikwana. Wina akakuuzani kuti ali ndi mfuti yotchipa yopanda mapepala, imeneyo ndi ndende.

Ku Britain mumafunika satifiketi ya kupolisi ndi chifukwa chomveka, ndipo ku England ndi Wales lamulo limati agwape akuluakulu aziomberedwa ndi calibre yosachepera .240, nchifukwa chake .243 ili ponseponse kumeneko. Ku Zambia kusaka kovomerezeka kumachitika mmadera otchedwa Game Management Areas, monga Lupande kufupi ndi South Luangwa, ndi laisensi ya boma yotchula nyama yake. Kwathu ku Malawi mfuti imafuna chilolezo cha polisi, ndipo ku Liwonde, Majete, Nkhotakota, Kasungu ndi malo ena otetezedwa kulowa ndi mfuti kukasaka ndi mlandu waukulu, chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017 chilango chimatha kufika zaka 30 pa nyama zotetezedwa kwambiri.

Zomwe alenje sanagwirizanebe

Pa 6.5 Creedmoor mkangano ukadali wamoto. Ena amati poti siyimenya phewa munthu amalasa pamalo oyenera ndipo ndi zomwe zimapha nyama, ena amati pa nyumbu ndi ntchefu ndi yopepuka kwambiri ndipo mukalakwitsa pang'ono mutsata magazi tsiku lonse. Ndamva mbali zonse kuchokera kwa anthu oti asaka zaka zambiri kuposa ine.

Palinso za mtovu. Zipolopolo zambiri zili ndi mtovu mkati, umene umamwazika mu nyama ndipo miimba ikadya zamkati zotsala mtchire imadwala. California inaletsa mtovu pa kusaka konse mu 2019. Zipolopolo za kopa yekhayekha zilipo koma ndi zodulirapo ndipo si mfuti iliyonse yomwe imaziponya bwino, nde mlenje wa bajeti yochepa adzatani lamulo lotere likadzafika komwe ali?

Ndipo mfuti za pulasitiki zija zangokhalapo zaka khumi ndi zingapo. Mauser ya zaka 100 tikuiona ikugwirabe ntchito, koma magazini ya pulasitiki ikadzasweka patapita zaka 30 kampani itasiya kupanga mtundu umenewo, ina idzapezeka kuti? Ena amayankha kuti pa mtengo wakewo mudzangogula mfuti ina, ena amati mmayiko omwe laisensi imodzi imatenga miyezi kutuluka, mfuti siyingakhale chinthu chongotaya nkugula ina.